Amayi amene anakumana ku Bedford College mu 1920

Msonkhano woyamba wa International Federation of University Women unachitikira ku Bedford College mumzinda wa London mu Julayi 1920, zaka zoposa 100 zapitazo. Mmodzi mwa amayi atatu amene anayambitsa ganizo la bungweli sanauone. Rose Sidgwick, mphunzitsi wa mbiri yakale ku Birmingham, anapita ku America mu 1918 limodzi ndi Caroline Spurgeon pa ulendo woyendera mayunivesite. Kumeneko anacheza ndi Virginia Gildersleeve, mkulu wa Barnard College, nagwirizana kuti amayi ophunzira a maiko osiyanasiyana azidziwana, mwina nkhondo ngati imene inali itangotha kumene siidzabukanso. Chaka chisanathe, chimfine chija chinapha anthu padziko lonse chinamutenga Sidgwick ali ku New York.

Anzake anapitiriza, bungwe n'kubadwa mu 1919. Pamene ankasonkhana ku London, yunivesite ya Oxford inali isanayambe kupereka madigiri kwa akazi; inayamba mu Okutobala chaka chomwecho. Cambridge inachita chidodo mpaka 1948.

Misonkhano inayenda: Paris 1922, Christiania 1924, Amsterdam 1926, Geneva 1929, Edinburgh 1932, Kraków 1936. Zokamba za mtendere zinalipo zambiri, koma kwa ine chimene chinaphula kanthu ndi malo ogona ndi ndalama za kafukufuku. Reid Hall ku Paris ndi Crosby Hall ku Chelsea, imene inatsegulidwa mu 1927, zinapatsa mayi wasayansi chipinda choti afikiremo ku dziko lachilendo popanda kufunsidwa za mwamuna wake. Ena mwa atsogoleri ankadziwa mtengo wa zimenezi. Ellen Gleditsch wa ku Norway, pulezidenti kuyambira 1926, anali atagwirapo ntchito mu labotale ya Marie Curie ku Paris. Johanna Westerdijk, katswiri wa matenda a mbewu, anali pulofesa wamkazi woyamba ku Netherlands.

Kenaka kunja kunada. Hitler atatenga boma mu 1933, amayi achiyuda anachotsedwa ntchito m'mayunivesite a ku Germany, ndipo pofika 1935 nthambi ya bungweli ya ku Germany ndi ya ku Italy zinali zitatha. Makalata opempha thandizo anayamba kusefukira ku London. Ubwenzi wa pamisonkhano uja unasanduka ntchito yosakira othawa kwawo ziphaso, ndalama ndi pogona, ndipo Crosby Hall inalandira ena mwa iwo. Nkhondo sanaitchinge ayi, koma alipo amayi amene anapulumuka chifukwa wina ku Britain kapena ku America ankadziwa dzina lawo ndi ntchito yawo.

Mu Ogasiti 1939 amayi a bungweli anasonkhana ku Stockholm nasankha Stanisława Adamowicz, dokotala wa ku Poland, kukhala pulezidenti. Anabwerera kwawo ku Warsaw, ndipo pa 1 Seputembala asilikali a Germany analowa m'dziko lake. Msonkhano wotsatira unachitika mu 1947, ku Toronto. Lero bungweli limatchedwa Graduate Women International, dzina limene linatenga mu 2015.