Galimoto yamagetsi kumpoto kwa England: yambani mwaona pomwe izigona

Boma la UK linati kuyambira 2030 sikudzagulitsidwanso magalimoto atsopano oyendera petulo kapena dizilo yekha, ndipo a hybrid adzapitirira mpaka 2035. Lamuloli silikhudza magalimoto ogwirapo kale ntchito, omwe ambirife timagula. Komabe mitengo ya magalimoto amagetsi akale yatsika kwambiri, ndipo nkhaniyi yayamba kumveka tikaweruka kutchalitchi ku Leeds, ku Manchester ndi ku Bradford, ngakhalenso m'nyumba momwe ana akufunsa kuti, "Adadi, ifenso tigula liti?" Yankho lathu ndi lakuti musanayang'ane mtundu wa galimoto, yang'anani pomwe izigona usiku. Galimoto imodzimodziyo imatha kudya £14 pamwezi kwa munthu wina ndi £150 kwa mnzake wa msewu wotsatira.

Mayuniti omwe aja

Aliyense amene anagulapo mayuniti a ESCOM akudziwa kale theka la nkhaniyi. Chomwe kuno amalemba kuti kWh ndi yuniti imodzi ija. Batire la galimoto lili ngati mgolo: la Nissan Leaf ya 2018 limalowa mayuniti 40, ndipo magalimoto ambiri atsopano amalowa pakati pa 50 ndi 80. Chomwe amalemba kuti kW ndi kukula kwa mpopi wothira mumgolomo. Soketi wamba ya m'nyumba imatulutsa 2.3kW, ndiye kudzaza Leaf ija kumatenga maola pafupifupi 18. Tchaja yomangirira pakhoma la nyumba imatulutsa 7kW, ndipo maola 6 ausiku amakwanira. Matchaja othamanga a m'misewu ikuluikulu amayambira pa 50kW, ndipo amakweza batire kuchoka pa 20% kufika pa 80% m'mphindi 20 mpaka ola limodzi, malinga ndi galimotoyo.

Galimoto yapakatikati imayenda pafupifupi mamailosi atatu ndi theka pa yuniti imodzi. Banja loyenda mamailosi 700 pamwezi, kuntchito, kusukulu, kokagula ufa ndi kutchalitchi, limafuna mayuniti 200.

Tsono mtengo wa yunitiyo ndi umene umasiyanitsa anthu. Tikatenga mitengo ya mu 2025, makampani ngati Octopus Energy ankagulitsa yuniti pafupifupi 7p kwa otchaja kunyumba pakati pa 11:30 usiku ndi 5:30 m'mawa. Mayuniti 200 aja ndi £14 basi. Pa mtengo wamba wa m'nyumba, womwe bungwe la Ofgem limauikira malire, yuniti inali pafupifupi 26p, kutanthauza £52. Pa matchaja apang'onopang'ono a mumsewu inali kupitirira pang'ono 50p, pamwezi kuposa £100. Pa matchaja othamanga inali pakati pa 70p ndi 85p, pamwezi pakati pa £140 ndi £170. Galimoto yapetulo yoyenda mamailosi 45 pa galoni, lita ili pa £1.35, imadya pafupifupi £95 pa ulendo womwewo. Choncho wotchaja kunyumba usiku amapulumutsa £80 mwezi uliwonse, pamene wodalira matchaja othamanga okha amalipira kuposa mnzake wa petulo.

Boma nalo lili ndi mbali yake pa kusiyanaku. Magetsi a m'nyumba amakhomeredwa msonkho wa VAT wa 5%, koma a pa tchaja ya mumsewu 20%. Ife tikuona kuti apa pali kukondera, chifukwa wolipira msonkho waukulu ndi yemwe alibe bwalo loimikapo galimoto, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi wa lendi.

Nyumba za mdadada

Apa ndi pamene mizinda yakumpoto imavutira. Harehills ndi Beeston ku Leeds, Manningham ku Bradford, Moss Side ndi Gorton ku Manchester, Anfield ku Liverpool: konseko kwadzaza nyumba zanjerwa zogundizana mumdadada, zomangidwa kalekale kaamba ka ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'madoko, galimoto zisanafale. Ukatsegula chitseko wafika kale pakanjira ka oyenda pansi. Galimoto imagona mumsewu, lero pakhomo pako, mawa pakhomo la nyumba yachisanu. Ndipo nyumba zimenezi ndi zomwe ambirife timafikiramo, chifukwa lendi yake ndi yofikirika.

Nzeru yoyamba imene imabwera ndi yotulutsa chingwe pawindo n'kuchiyala kudutsa kanjira kaja. Musafulumire. Kanjirako ndi ka khonsolo, makhonsolo ambiri salola, ndipo wokalamba kapena wakhungu akapunthwa pachingwecho mlandu ungagwere inu. Kulumikiza zingwe za extension zomwe timayatsira TV n'koopsa kwambiri, chifukwa sizinapangidwe kuti zinyamule moto wotere usiku wonse pamvula. Njira yovomerezeka ndi kangalande kakang'ono kovundikira komwe amakumba kudutsa kanjirako kuti chingwe chizidutsa pansi. Mu July 2025 boma linalengeza £25 miliyoni yothandizira makhonsolo a ku England pa ntchitoyi, koma khonsolo iliyonse ili ndi malamulo ake, ndiye funsani yanu musanapereke ndalama kwa aliyense. Kumbukiraninso kuti kangalandeko sikakupatsani umwini wa malo a mumsewu. Neba akaimikapo yake, usiku umenewo simutchaja.

Liverpool inasankha njira ina: matchaja mazana angapo a kampani ya ubitricity anaikidwa m'mapolo a magetsi a mumsewu, ndipo mumabwera ndi chingwe chanu. Ku Greater Manchester matchaja ambiri ndi a Be.EV. Pulogalamu ya pafoni ya Zapmap imaonetsa pomwe pali tchaja, mphamvu yake ndi mtengo wake. Musanagule galimoto, iyang'aneni madzulo angapo kuti muone ngati matchaja a pafupi nanu amakhala opanda anthu pa nthawi yomwe inu mumaweruka.

Ngati nyumba ya lendi ili ndi malo akeake oimikapo galimoto, mwayi ulipo, koma pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba. Tchaja ya 7kW pamodzi ndi woikayo imakwana pafupifupi £1,000, ndipo mu 2025 boma linkathandiza a lendi ndi okhala m'mafulati ndi 75% ya mtengowo, osapitirira £350. Woikayo amadziwitsa kampani ya mawaya a m'dera lanu, monga Northern Powergrid ku Yorkshire ndi ku North East. Ndi £80 yopulumutsa pamwezi, tchajayo imabweza ndalama zake pakatha chaka, koma ngati mgwirizano wa lendi ndi wa miyezi 6, mwina mukumangira mwini nyumba. Mtengo wotsika wa usiku umafunanso smart meter, ndipo kawirikawiri kulipira kudzera ku banki mwezi ndi mwezi. Amene akadali pa mita ya kiyi yokathira ndalama kugolosale ayenera kusintha kaye. Onaninso mtengo wa masana pa mgwirizano womwewo, chifukwa umakwerako pang'ono, ndipo m'nyumba mophikidwa nyemba masana onse kusiyanako kumaoneka.

Kutchaja paulendo

Malamulo a 2023 amakakamiza eni matchaja kuonetsa mtengo wa yuniti musanayambe, ndipo kuyambira November 2024 matchaja othamanga ayenera kulandira khadi ya kubanki mongogunditsa. Makampani ambiri amayamba agwira ndalama ina pakhadi n'kudzabweza yotsala pakapita masiku, zomwe zimapweteka kumapeto kwa mwezi. Ena amalipiritsa mukasiya galimoto pa tchaja itadzaza kale, ndipo malire a nthawi yoimika pasitolo amagwirabe ntchito ngakhale mukutchaja. Batire ikafika pa 80% tchaja imachepetsa liwiro, choncho chotsani muzipita.

Nyengo yozizira imadya mtunda. Mu January, hita ili yoyaka, galimoto imatha kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mtunda wake. Msewu wa M62 pakati pa Leeds ndi Manchester umakwera mpaka mamita 372, malo okwera kwambiri pa misewu ya motorway ku England, ndipo pokwerapo nambala ya mamailosi otsala imatsika mochititsa mantha, kenaka imabwererako potsetsereka. Mamailosi 45 amenewo, kupita ndi kubwera, Leaf ya mayuniti 40 yokhala ndi batire labwino imawakwanitsa, koma m'chisanu imafika itatsala pang'ono. Ulendo wa ku London, pafupifupi mamailosi 200 kuchokera ku Leeds, umafuna kuima kamodzi kapena kawiri. Otchaja kunyumba azitenthetsa galimoto ikadali pachingwe asananyamuke, kuti moto wotenthetsera usachokere mubatire.

Misonkho

Nthawi yomwe galimoto yamagetsi sinkalipira msonkho wa pamsewu inatha pa 1 April 2025. M'chaka choyambacho, zolembetsedwa pakati pa April 2017 ndi March 2025 zinkalipira £195, zakale kuposa pamenepo £20. Mu bajeti ya November 2025, nduna ya zachuma Rachel Reeves inalengeza msonkho wina wa 3p pa mailo iliyonse kuyambira April 2028. Pa mamailosi 700 aja ndi £21 pamwezi, kuposa mtengo wa magetsi a wotchaja usiku.

Wogulitsa asakuopsezeni ndi nkhani ya Clean Air Zone. Bradford inayamba mu September 2022, Newcastle ndi Gateshead mu January 2023, Sheffield mu February 2023, koma konseko galimoto ya banja silipira. Olipira ndi matekisi, mavani, mabasi ndi malole akale. Leeds ndi Greater Manchester zinasiya ganizo lolipiritsa. Zimenezi n'zosiyana ndi Birmingham, komwe galimoto yakale imalipira £8 patsiku, kapena London komwe ndi £12.50. Oyendetsa tekisi okha ndiwo ayenera kuwerengera bwino.

Kugula yakale

Leaf imapangidwa ku Sunderland kuyambira 2013, ndipo ndi imodzi mwa zotchipa pamsika. Ili ndi vuto limodzi lomwe ogulitsa satchula msanga: Leaf zakalezi zimatchaja mothamanga ndi pulagi yotchedwa CHAdeMO, pamene pafupifupi magalimoto ena onse amagwiritsa ntchito CCS. Malo atsopano otchajira amakhala ndi mapulagi ambiri a CCS koma a CHAdeMO amodzi kapena awiri, mwina palibiretu. Kwa wotchaja kunyumba woyenda m'tauni si nkhani. Kwa wodalira mumsewu ndi nkhani yaikulu.

Chachiwiri ndi thanzi la batire. Makampani ambiri amalonjeza kukonza batire kwa zaka 8 kapena mamailosi 100,000, ndiye galimoto ya 2018 lonjezolo latha kapena likutha. Pemphani lipoti losonyeza mphamvu yomwe yatsala. Pa Leaf pali timizere 12 tosonyeza zimenezi, ndipo tikachepa ndiye kuti mgolo uja wachepanso. Onetsetsani kuti zingwe zotchajira zilimo, chifukwa kugula china ndi ndalama. Funsani mtengo wa inshuwalansi musanalipire, popeza kwa ife a laisensi yatsopano ya UK umatha kumeza zonse zomwe mumayembekeza kupulumutsa. Ku galaja kumachepa: palibe oyilo wa injini, palibe klatchi, mabuleki amakhalitsa. MOT ndi matayala zilipobe.

Ogwira ntchito ku NHS ambiri amapatsidwa mwayi wotenga galimoto yatsopano, ndalama n'kumadulidwa kumalipiro msonkho usanachotsedwe. Msonkho wake ndi wochepa, 3% mu 2025/26, ndipo inshuwalansi imakhalamo kale. Koma kudulako kumachepetsa penshoni, ndipo mukasiya ntchito mgwirizano usanathe pamakhala chindapusa. Osamalira odwala ndi okalamba m'makomo, omwe amayenda nyumba ndi nyumba pa galimoto yawo, adziwe kuti mlingo wa HMRC wa 45p pa mailo, womwe unalipo mu 2025 pa mamailosi 10,000 oyamba, unali umodzimodzi kwa petulo ndi magetsi. Wotchaja pa 7p amawononga 2p pa mailo. Apa ndi pamene galimotoyi imapindulitsa koposa, bola inshuwalansi ikhale yolola kuyendera ntchito.

Kwa ana, ndi kwa akumudzi

Inu achinyamata amene mukufika zaka 17: galimoto yamagetsi ilibe magiya osintha ndi dzanja. Mukalemba mayeso pa imeneyi mudzapatsidwa laisensi ya otomatiki yokha, ndipo simudzaloledwa kuyendetsa ya magiya mpaka mutalembanso. Kuno mwina sizidzakuvutani. Koma ntchito zina za mavani zimafunabe magiya, ndipo mukapita kutchuthi kwa agogo, pikapu ya amalume mudzangoiyang'ana.

Makolo ambiri tili ndi chizolowezi chotumiza galimoto kumudzi ikakalamba, popeza chiwongolero cha kuno chili kumanja ngati kwathu. Ndi yamagetsi chiyembekezo chimenecho musachiike m'masamu. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, malo otchajira ndi osowa, magetsi amazimazima, ndipo makaniko wodziwa mabatire otere sapezeka paliponse. Leaf yomwe batire lake latsala ndi timizere 8 ingathe kuzungulira mumzinda wa Lilongwe ngati pakhomo pali sola yokwanira, koma maliro akagwa ku Mzimba padzafunikabe kubwereka ya petulo.