Dzina Lobisika la Livingstone

Ana a sukulu a ku Minga adziwa bwino dzina la David Livingstone, amene anaoloka Luangwa m'caka ca 1866 nakafera kwa Citambo m'caka ca 1873. Koma ngowerengeka amene adziwa kuti dzinali silinali la makolo ace akale.

Makolowo anali Agaeli, mtundu wa kumapiri ndi kuzisumbu za kumadzulo kwa Scotland, wolankhula cinenero cao-cao cosiyana ndi Cingelezi. Anali ndi mifunda monga Ansenga, koma iwo anali kutsata atate. Cifukwa cace maina ao ambiri ayamba ndi Mac, ndiko kuti "mwana wa". Mfunda wa makolo a David unali MacLea. Ena anena kuti dzinali licokera ku Mac an Léigh, mwana wa sing'anga. Ena ati ncidule ca MacDhuinnshlèibhe, mwana wa Donn wa kuphiri. Akulu a mfundawo anakhala pa cisumbu ca Lismore, nasunga ndodo ya Moluag Woyera, mlaliki amene anamwalira m'caka ca 592.

Kum'mwera kwa dzikolo kunali banja lina lomveka, dzina lace Livingston, lotengera mudzi wao. Kuyambira m'zaka za m'ma 1600 a MacLea ena anatenga dzina la banjalo, ngakhale panalibe cibale ca magazi. Itatha nkhondo ya ku Culloden m'caka ca 1746, boma linalanda mphamvu za mafumu a Agaeli, ndipo cinenero cao cinayamba kupeputsidwa. Tsono munthu wofuna nchito m'mizinda anapeza kuti dzina la Cingelezi linali lopepuka m'kamwa mwa omlemba.

M'caka ca 1792 Neil, agogo ace a David, anasiya cisumbu ca Ulva nakagwira nchito ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, kumene mdzukulu wace anabadwira m'caka ca 1813. Dzina lobwereka lija ndilo linafika ku Afrika, nilipatsidwa kwa mishoni ya Livingstonia ndi mzinda wa Livingstone. La MacLea linatsala kumbuyo.

Mbiri imeneyi siiri kutali ndi Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba. Kwa iwo mfunda, monga Mwanza, Mumba, Lungu kapena Sakala, ucokera kwa amai. Ndiwo uzindikiritsa abale osayenera kukwatirana, ndiponso maufumu monga a Kalindawalo ndi Ndake alowedwa potsata mbali ya amai. Koma m'buku la sukulu ndi pa citupa ambiri alembetsa dzina la atate lokha. Pepala lisunga dzina limodzi. Linzacelo likhala m'kamwa mwa ambuye ndi amalume. Wotsiriza sukulu amene apita kunchito osafunsa akuluwo adzalera ana odziwa theka lokha la kumene anacokera.