Migodi ya Mkuwa ndi Mbiri ya Malungo a mu Ubongo

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, phunziro lathu la lero likunena za mdani wakale wa mizinda ya Kitwe ndi Ndola, ndiye malungo, makamaka malungo aja oloŵa mu ubongo. Mudzamva m'mene makolo athu anavutikira nawo, ndiponso m'mene anthu ophunzira anadziŵira pang'onopang'ono chimene chimapha mwana amene wakomoka ndi nthendayi.

Pamene migodi ikuluikulu inali kutsegulidwa cha m'ma 1929, ku Roan Antelope ku Luanshya ndi ku Nkana kumene lero kuli mzinda wa Kitwe, anthu anabwera kuchokera kutali kudzafuna ntchito, ena mpaka ku Chipata ndi ku Malaŵi. Koma dzikolo linali la madambo, ndipo udzudzu unali wosaŵerengeka. Ku Luanshya anthu anafa ambiri, kotero kuti mbiri inamveka yakuti mu mtsinje wa Luanshya munali chinjoka chimene chinali kutha anthu, ndipo antchito ena anathaŵa. Eni migodi anaitana Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London. Iye anadziŵa zimene Ronald Ross anapeza mu 1897, kuti malungo amayenda ndi udzudzu. Tsono analangiza kukumba ngalande m'madambo, kulambula m'mbali mwa mitsinje ndi kuthira mafuta pa madzi oima. M'zaka zoŵerengeka imfa zinachepa kwambiri, ndipo mizinda inakula.

Komabe malungo sanathe. Mu 1975 bungwe la World Health Organization pamodzi ndi boma la Zambia linakhazikitsa malo ofufuzira matenda otchedwa Tropical Diseases Research Centre m'chipatala chachikulu cha Ndola, ndipo malungo anali pakati pa matenda amene anafufuzidwa kumeneko. Funso limodzi linali kuvutabe madokotala a maiko onse: kodi n'chifukwa chiyani mwana wokomoka ndi malungo nthaŵi zina amaleka kupuma mwadzidzidzi ngakhale walandira mankhwala?

Kuti mumvetse yankho lake, gwirani mutu wanu. Chigaza n'cholimba, ndipo mwa mwana amene liwombo linatsekeka sichingafutukuke. Mu 1783 Alexander Monro wa ku Edinburgh anaphunzitsa zimenezi, ndipo George Kellie anazitsimikiza mu 1824. M'kati mwa chigazacho muli zinthu zitatu: ubongo, magazi, ndi madzi ozungulira ubongo. Chimodzi chikachuluka, zinazo ziyenera kupanikizika.

Magazi amene agwira ntchito yake mu ubongo amatuluka kudzera m'mitsempha ikuluikulu imene ili pakati pa zikopa zokuta ubongo. Madokotala amaitcha ma sinus. Ina imayenda pamwamba pa mutu, ina imapingasa ku nkhongo, ndipo yonse imatsanulira magazi m'mitsempha ya m'khosi. Mu 2003 Dr Richard Farb ndi anzake ku Toronto anajambula anthu 29 amene anali ndi kupanikizika kwa m'chigaza popanda chotupa, napeza kuti mwa anthu 27 mitsempha ya ku nkhongoyo inali yopanikizika ndi yochepa njira. Taganizani ngalande imene yatsekeka mbali ina: madzi amadzaza kumtunda. Chimodzimodzi, njira ikachepa magazi amachedwa kutuluka, kupanikizika kumakula, ndipo kumafinyanso mtsemphawo koposa. Anthu amenewo sanali odwala malungo, koma anatiphunzitsa kuti njira yotulukira magazi ndi yofunika monga njira yoloŵera.

Yankho lokhudza malungo linachokera kwa anansi athu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, Dr Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor anafalitsa mu 1989 njira yoyesera kukula kwa chikomokere cha mwana, imene imatchedwa Blantyre Coma Scale. Mu 2008 chipatalacho chinalandira makina a MRI ojambula m'kati mwa mutu. Mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anaona mwa ana 168. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wao unali wotupa kwambiri. Koma mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Tizilombo ta malungo timaloŵa m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amamatirira m'timitsempha ta mu ubongo. Ubongo ukatupa m'chigaza chosafutukuka umapanikiza tsinde lake, limene limalamulira kupuma. Chinthu cholimbikitsa n'chakuti mwa ana amene anachira, kutupako kunaphwa.

Tsono inu aphunzitsi, mbiri imeneyi ili ndi ntchito m'kalasi mwanu. Mwana akatentha thupi, nalira ndi mutu, nasanza, nayamba kusinza kosadzutsika kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, musadikire maŵa. Mgonekeni cham'mbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo mufulumire naye ku chipatala, kumene kuli jakisoni wa artesunate. Mwana amene adandaula mutu masiku ambiri, namaona zinthu ziŵiriziŵiri kapena mwachimbuuzi, ayeneranso kukapimidwa maso, pakuti kupanikizika kwa m'chigaza kumaoneka m'kati mwa diso ndipo kungathe kuchititsa khungu.

Ndipo inu ana, gonani m'masikito usiku uliwonse, kwirirani maenje a madzi pafupi ndi nyumba, ndipo muuze makolo anu zimene mwaphunzira lero.