Zitsamba ndi kusiya kusamba: mbiri ya ku Machinga ndi Balaka

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo mayi amatengedwa kuti wasiyiratu pakatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Nthawi imeneyi mahomoni a estrogen amachepa m'thupi. Ena amadutsa popanda vuto, koma ambiri amamva kutentha thupi mwadzidzidzi, kutuluka thukuta usiku, kusowa tulo, kuthamanga mtima, kuphwanya m'mfundo komanso kuuma kwa njira ya abambo.

Ku Ulaya ndi ku America mkangano wakhala woti mayi amwe mahomoni kapena zitsamba. Ku Machinga ndi ku Balaka nkhaniyi inayenda mosiyana. Mankhwala a mahomoni othandiza amayi osiya kusamba sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi, kotero zitsamba sizinalowe m'malo mwa chinthu china. Pamodzi ndi kupirira, ndizo zinalipo kuyambira kale. Kudziwa mmene izi zinakhalira kungathandize wogwira ntchito zaumoyo kufunsa mafunso oyenera.

Mmene makolo ankaionera nkhaniyi

Mpaka mu 1998 Balaka anali mbali ya boma la Machinga, ndipo maboma awiriwa amafanana zambiri pachikhalidwe. Ayao, Alomwe ndi Amang'anja a m'derali amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mwamuna nthawi zambiri amakakhala chikamwini. Pamudzi wotere mayi wachikulire ndiye mzati wa banja.

Msambo unali ndi malamulo ake. Mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo poopa mdulo kapena tsempho, ndipo pa miyambo ina ankafunika anthu "ozizira", osati "otentha". Mayi akasiya kusamba zoletsa zambiri zinkamuchokera. Ndiye ankadaliridwa kukhala nankungwi, kapena nakanga kwa Ayao, kulangiza atsikana ku nsondo, kulangiza mayi wa pakati poyamba pa litiwo, ndi kuchiritsa amayi ngati mzamba. Kusiya kusamba sikunali matenda ofuna mankhwala, kunali kukula.

Ulemu umenewu unali ndi mbali ina yovuta. Nkhani za msambo sizinkakambidwa poyera, ndipo mayi amene amalangiza ana a ena analibe kwenikweni womulangiza iye. Zizindikiro zinkapatsidwa mayina ena. Kutentha thupi kunkatchedwa malungo. Msambo ukayamba kudumphadumpha ena ankaganiza kuti ndi mimba yobisala kapena kuti wina wawamanga. M'madera otentha ngati Liwonde, Ulongwe ndi Utale, thukuta la usiku m'mwezi wa Okutobala silidabwitsa munthu. Motero mayi ankapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala a malungo, a mutu kapena a m'mimba, osati a kusiya kusamba.

Zitsamba m'malamulo ndi m'mabuku

Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa zaufiti mu 1911. Lamuloli linkalimbana ndi kuombeza mfiti ndi kumwetsa mwavi, koma linapangitsa kuti ntchito ya asing'anga ikhale kutali ndi zipatala za boma ndi za mishoni. Odwala ankapita konse kuwiri, kwinaku akubisa kwa dokotala zomwe amwa kumudzi. Chizolowezi chobisachi chilipobe.

Olemba mabuku ndiwo anayamba kusunga nzeru za zomera. Mu 1955 Jessie Williamson anatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland, lomwe linakonzedwanso mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Mu 1996 Brian Morris anatulutsa Chewa Medical Botany atacheza ndi asing'anga ambiri a m'chigawo cha kummwera. Ku Chancellor College ku Zomba, katswiri wa sayansi Jerome Msonthi anafufuza zomwe zili m'mitengo ya mankhwala. Mitengo ngati muwawani, mvunguti, naphini ndi gondolosi inalembedwa pamodzi ndi ntchito zake. Pa mankhwala a amayi, chidwi chachikulu cha asing'anga ndi cha ofufuza omwe chinali pa kubereka: kusowa mwana, kupweteka kwa msambo, matenda opatsirana pogonana ndi kuchira bwino. Nchifukwa chake dzina la mwanamphepo likudziwika m'chipinda chilichonse cha amayi oyembekezera, pomwe mavuto a mayi wa zaka 50 sanapeze malo otere.

Chipatala nachonso chinkamuona mayi ngati wobereka. Boma linaletsa kulera m'zaka za m'ma 1960 ndipo linavomereza ndondomeko yolera ana motalikitsa mu 1982. Kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Demographic and Health Survey, amene anayamba mu 1992, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49. Pa msinkhu umene ambiri amasiya kusamba ndi pomwe amatulukanso m'chiwerengero.

Mahomoni ndi zomera kumaiko akunja

Pamene izi zinali chonchi kuno, kunja kunkachitika zina. Mu 1942 anayamba kugulitsa Premarin, estrogen wochokera mu mkodzo wa akavalo abere. Mu 1966 dokotala wa ku America Robert Wilson analemba buku la Feminine Forever, lomwe linkanena kuti kusiya kusamba ndi matenda ochizika. Amayi mamiliyoni anayamba kumwa estrogen. Mu 1975 kafukufuku anaonetsa kuti estrogen payekha amachulukitsa khansa ya m'kati mwa chiberekero, choncho madokotala anayamba kuwonjezerapo mahomoni amtundu wa progesterone. Mu Julayi 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative, wa amayi 16,608, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane ataona kuti khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zinali zochulukirapo mwa omwe ankamwa mahomoni awiriwo. Amayi ambiri anasiya mapiritsiwo n'kutembenukira ku zitsamba. Pambuyo pake akatswiri ataunikanso anapeza kuti kwa amayi ambiri osakwana zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino wa mahomoni umaposa chiopsezo chake. Koma msika wa zitsamba unali utakula kale.

Pa msikawo pali zomera zinayi zofunika kuzidziwa. Choyamba ndi black cohosh, muzu wa ku North America umene unali mu mankhwala a amayi omwe Lydia Pinkham ankagulitsa m'zaka za m'ma 1870. Mu 2006 kafukufuku wa amayi 351 ku America anapeza kuti muzuwu sunachepetse kutentha thupi kuposa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo chaka chomwecho akuluakulu oona za mankhwala ku Ulaya anachenjeza kuti ungathe kuwononga chiwindi. Mu 2012 bungwe la Cochrane litaphatikiza kafukufuku 16 linati umboni woti umathandiza ndi wosakwanira.

Chachiwiri ndi soya. M'zaka za m'ma 1940 nkhosa za ku Australia zinasiya kuswana chifukwa chodya msipu wina wa clover, ndipo zinadziwika kuti zomera zina zili ndi michere yofananako ndi estrogen. Soya alinso nayo. Margaret Lock atalemba mu 1993 kuti amayi a ku Japan sadandaula kwambiri za kutentha thupi, ambiri anaganiza kuti chinsinsi ndi soya. Kafukufuku wotsatira anapeza phindu lochepa kapena losadalirika, ndipo Cochrane mu 2013 sinapeze umboni wotsimikizika. Soya ndi chakudya chabwino, kaya m'phala kapena ngati ndiwo, koma mphamvu yake siifanana ndi ya mahomoni.

Chachitatu ndi chilazi chakutchire. Russell Marker anapanga progesterone kuchokera ku chilazi cha ku Mexico m'zaka za m'ma 1940, koma kusinthako kumachitika mu labotale. Thupi la munthu silingathe kuchita zimenezo, choncho mafuta odzola a chilazi sapereka mahomoni. Chachinayi ndi St John's wort, chimene ena amamwa pofuna kupeputsa nkhawa. Mu 2000 zinadziwika kuti chimachepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi.

Pa kafukufuku wa kutentha thupi pali chinthu chimene chimabwerabwera: ngakhale amayi omwa mapiritsi opanda mankhwala amapezako bwino, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Zizindikirozi zimakwera ndi kutsika zokha. Mayi akanena kuti chitsamba chamuthandiza sakunama, koma umboni wakewo sutsimikiza kuti chitsambacho ndicho chagwira ntchito.

Mchape wa ku Machinga

Machinga ali ndi phunziro lakelake pa kusiyana kwa umboni wa pakamwa ndi umboni woyesedwa. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe wa m'mudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, anatchuka atanena kuti analota mankhwala a Edzi ochokera ku makungwa a mtengo. Anthu anawatchula kuti mchape, dzina la gulu lothana ndi ufiti la m'zaka za m'ma 1930. Ofufuza amati anthu pafupifupi 300,000 anapita kukamwa, ena pa malole ochokera kutali. Panalibe umboni woti mchapewo unachotsa kachirombo ka HIV mwa munthu. Anthuwo sanali opusa. Nthawi imeneyo chipatala chinalibe chowapatsa, popeza ma ARV aulere anayamba mu 2004. Pamene chipatala chilibe yankho, anthu amakalifuna kwina, ndipo ndi mmene zilili lero kwa mayi wosiya kusamba.

Zomwe zasintha

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Lero ndi zoposa 60. Amayi amene anayamba ma ARV mu 2004, kapena kudzera mu ndondomeko ya Option B+ ya mu 2011, ambiri tsopano ali pa msinkhu wosiya kusamba. Ku Balaka, kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, amene wakhala akutsata mabanja kuyambira 1998, anayamba mu 2012 kuyang'ana mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo. Ichi chinali chizindikiro choti ukalamba walowa m'nkhani za umoyo wa anthu.

Msika nawo wasintha. Kuwonjezera pa mizu ya sing'anga, pa Balaka, Liwonde ndi Ntaja pamapezeka ufa wa chammwamba, nimu ndi mabotolo ochokera kunja, ndipo zina zimatsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti zimabwezera mahomoni. Lamulo la mu 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lili ndi udindo woyang'aniranso mankhwala azitsamba ndi katsatsidwe kake. Komabe zomera za kuno sizinayesedwe pa kafukufuku wamkulu wa kutentha thupi ngati mmene anayesera black cohosh ndi soya.

Zomwe mbiriyi ikusiyira ogwira ntchito zaumoyo

Choopsa chachikulu si chitsamba chokha, koma kuchedwa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse: mu 2020 amayi oposa 4,000 anapezeka nayo ndipo pafupifupi 2,900 anamwalira. Mayi amene anasiya kusamba chaka chathunthu akaonanso magazi, ngakhale dontho, si msambo wabwerera. Ayenera kutumizidwa kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka mwamsanga, osayamba wayesa zitsamba. Kuyeza ndi viniga kwa VIA sikuona bwino mwa amayi osiya kusamba, chifukwa malo amene khansa imayambira amalowa m'kati mwa khomo, choncho magazi otere amafunika kuunikidwa ndi dokotala.

Thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa, kuwonda kapena kutentha koyezeka ndi chipangizo, mayi ayezedwe TB, HIV ndi malungo. Mayi wobaya jakisoni wolera wa Depo akhoza kusiya kuona msambo asanafike posiyiratu, ndipo amene msambo ukungodumpha akhozabe kutenga pakati.

Funso la zitsamba lifunsidwe popanda kukalipa. Mlangizi wa zaumoyo akafunsa kuti "Amayi, pali china chomwe mukumwa kupatula cha kuchipatala?" amamva zambiri kuposa amene amayamba ndi kuletsa. Izi n'zofunika kwambiri kwa omwa ma ARV. Kuyambira mu 2019 ambiri ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene sagwirizana ndi St John's wort. Mapiritsi a calcium ndi a ayironi nawonso amachepetsa kulowa kwake m'thupi akamwedwa pamodzi m'mimba mulibe chakudya. Zitsamba zoika ku njira ya abambo kuti kuume zimapweteka kwambiri mayi wa msinkhu uwu, chifukwa khungu la malowo limakhala litapyapyala ndipo silichedwa kuchita zilonda. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi ndiwo amathandiza.

Pali zomwe zomera ndi zakudya za m'derali zingachitedi. Matemba a ku Chilwa ndi usipa zodyedwa ndi minga yomwe, masamba obiriwira, nandolo ndi soya zimathandiza thupi ndi mafupa pa nthawi imene mafupa amayamba kufooka. Kuyeza BP ndi shuga n'kofunikanso, popeza matenda a mtima amachuluka pambuyo posiya kusamba. Mayi amene zizindikiro zikumulepheretsa kugona kapena kulima atumizidwe kwa dokotala, chifukwa chithandizo chilipo, cha mahomoni ndi chosakhala cha mahomoni. Adziwenso kuti vutoli limatha ngakhale limatenga nthawi: kafukufuku wa SWAN ku America anapeza mu 2015 kuti mwa amayi ovutika kawirikawiri, theka anapitirira zaka 7.

Anankungwi, anakanga ndi azamba akale ndi amayi amene adutsa okha m'nyengo imeneyi, ndipo mawu awo amamveka pamudzi. Uthenga woti magazi obwera pambuyo posiya kusamba ndi a kuchipatala ukadzera mwa iwo, ungafike kwa amayi amene anasiya kalekale kubwera ku sikelo.