Radar, Zamtel ndi mapampu awili a ku Petauke

Kumayambililo kwa caka ca 2009, dzina la Petauke linali m'nyuzipepala ya The Post pafupifupi tsiku lililonse. Nkhani inali ya Dora Siliya, MP wa Petauke Central, amene panthawiyo anali nduna ya zamtengatenga ndi mauthenga m'boma la Rupiah Banda. William Harrington, amene kale anakhalapo nduna mu unduna womwewo, pamodzi ndi mabungwe oimila anthu wamba, anakadandaula kwa wogwilizila udindo wa Chief Justice, Ireen Mambilima. Mayiyu anakhazikitsa bwalo la oweluza atatu lotsogoleledwa ndi Dennis Chirwa, ndipo milandu inali itatu.

Waung'ono kwambili ndiwo unali wa kwathu. Anati nduna inapempha khonsolo ya Petauke kuti iibwezele K12.5 miliyoni ya ndalama zakale, imene lelo ndi K12,500, pa mapampu awili a pa zitsime. Waciwili unali wa RP Capital Partners, kampani yolembetsedwa ku Cayman Islands, imene mu December 2008 inasainilana ndi unduna kuti iwelengetse mtengo wa katundu wa Zamtel popanda kupikisana ndi wina aliyense. Wacitatu, umene anthu ambili anauiwala msanga, ndiwo uli ndi phunzilo kwa aliyense amene amalota zopambana tenda ya boma: radar ya pa mabwalo a ndeke a Lusaka ndi Livingstone.

Tenda ya radar inali itayenda m'njila yake yonse. Makampani anapeleka mitengo, akatswili anaunika, ndipo Zambia National Tender Board inasankha Thales Air Systems. Kenaka kampani ya ku Italy, Selex Sistemi Integrati, inabwela ndi mau okoma akuti ingakonze radar yakale ya ku Lusaka mwaulele, ndipo nkhani ya Thales inaima. Odandaulawo anati nduna inafafaniza tenda imene inali itapelekedwa kale n'colinga cokondela Selex.

Cinthu caulele cimamveka bwino, ndipo nduna iliyonse inganene kuti inali kupulumutsa ndalama za anthu. Koma taganizilani amene anapambana. Analipila akatswili, anakonza mapepala, anaulula mtengo wake pamaso pa opikisana naye. Ngati pambuyo pa zonsezi wina angaloŵele ku khomo lakumbuyo n'kukambilana yekha ndi ofesi, ndiye kuti mpikisano unali seŵelo cabe. Ulendo wotsatila makampani abwino safuna kubwelanso, ndipo amene abwela amakweza mtengo kuti adzichinjilize. Ndalama yoonjezelayo imacokela m'thumba la iwe ndi ine pogula talk time ndi mafuta.

Bwalo la Chirwa linatulutsa lipoti lake mu April 2009. Pa milandu yonse itatu silinapeze kuti Siliya anaphwanya malamulo a khalidwe la nduna ndi aphungu. Cimene linapeza n'cakuti pa nkhani ya RP Capital anaphwanya Constitution cifukwa sanatsatile malangizo a Attorney General, amene panthawiyo anali Mumba Malila. Siliya anatula pansi udindo. Mu June caka comweco woweluza wa High Court, Philip Musonda, anafafaniza cigamulo cimeneco, ndipo Banda anamuika kukhala nduna ya maphunzilo. Mwalamulo anatuluka woyela, ndipo ico ciyenela kunenedwa mosabisa.

Za Zamtel sizinathele pamenepo. Mu 2010 boma linagulitsa 75 peresenti ya kampaniyo kwa LAP Green ya ku Libya pa mtengo wa $257 miliyoni. Michael Sata atalowa m'boma anaika komiti yofufuza yotsogoleledwa ndi Sebastian Zulu, nduna ya zacilungamo, ndipo mu January 2012 boma linalanda Zamtel. A ku Libya sanalile m'nyuzipepala cabe, anapita kukhoti. Mu 2017 kunamveka kuti High Court ya ku London yalamula Zambia kulipila $380 miliyoni. Onani masamuwo: tinagulitsa pa 257, tinafunidwa 380. Boma lina linaloŵa m'pangano mothamanga, lina linatulukamo mothamanga, ndipo pa maulendo onse awili kukhala pansi ndi mbali inayo poyela kukanakhala kochipa.

Coseketsa n'cakuti zonsezi zinacitika pamene lamulo linali kusintha. Tender Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1982, nthawi ya UNIP, ndipo inali kucita zonse yokha: kuvomeleza matenda aakulu ndi kudziyang'anila. Public Procurement Act ya 2008 inabweletsa ZPPA kuti ikhale ngati refa, maunduna ndi makhonsolo azigula okha. Munali mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa lamulolo. Ofesi ikasankha wopambana inali kuyenela kulengeza dzina lake, kenaka kudikila masiku 10 a nchito isanasaine kontilakiti, kuti amene waluza akhale ndi mpata wodandaula ku ZPPA. Kudandaula nchito itayamba kale kuli ngati kuthamangila basi ya ku Chipata itadutsa kale pa mlatho wa Luangwa.

Lamulo pa pepala silinaletse zonse, inde. Mu 2017 tinaona magalimoto ozimitsa moto 42 ogulidwa pa $42 miliyoni, ndipo Laura Miti, Pilato ndi anzao anamangidwa pocita zionetselo pa Nyumba ya Malamulo tsiku la bajeti. Khoti linawamasula mu December 2018. Lamulo latsopano la 2020 linaonjezela zakuti mitengo iziyelekezedwa ndi ya pamsika, ndipo matenda ambili tsopano amalengezedwa pa intaneti kudzela pa e-GP.

Kwa zaka zambili nkhani zotele zinali za ku Lusaka ndi makampani akunja. Ngakhale pamene Great East Road inali kukonzedwa kucokela pa mlatho wa Luangwa kudutsa Nyimba ndi Petauke mpaka ku Mwami, nchito yaikulu inali m'manja mwa makampani a ku Portugal, Mota-Engil ndi Conduril, ndipo anyamata a m'dziko la Kalindawalo ambili anali ogwila fosholo ndi mbendela. Zinthu zinatembenuka mu 2022 pamene CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Madesiki, makalasi, nyumba za amayi oyembekezela ndi zitsime tsopano zimapikisanilidwa pa khonsolo ya Petauke ndi ya Nyimba, ndipo opikisanawo ndi makopaletivu ndi timakampani ta acinyamata tolembetsedwa ku PACRA.

Kalipentala wa ku Nyimba amene waluza tenda ya madesiki alibe loya ku London monga LAP Green. Ali ndi ufulu woona dzina la wopambana lisanasainidwe, wofunsa mwa kalata cifukwa cimene pepala lake linagwela, ndi wodandaula ku ZPPA. Masiku ocitila zimenezi ndi ocepa, ndipo amayamba kuŵelengedwa pa tsiku limene cidziŵitso catuluka.