Ukwati Wopanda Mwana M'mbiri ya Eklezia

Kodi mwamuna ndi mkazi amene adalandira sakramenti la ukwati, koma sadaone mwana pakhomo pawo, banja lawo nlathunthu? Yankho la kumudzi timalidziwa tonse. Mkazi amutcha chumba, mwamuna amutcha gojo. Abale ayamba kunong'ona za fisi kapena za mitala, ndipo mbuzi zithera kwa asing'anga. Koma Eklezia nayenso adayenda ulendo wautali asanalimveketse bwino yankho lake.

Cha m'chaka cha 401 Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, adalemba buku lotchedwa De bono coniugali. M'menemo adatchula zabwino zitatu za ukwati: ana, kukhulupirika, ndi chimango chosamasulika cha sakramenti. Adanenetsa kuti mwamuna sangachotse mkazi wosabereka kuti akwatire wina wobereka. Komabe m'mibadwo yotsatira aphunzitsi ambiri adakweza kwambiri chabwino choyamba chija. Buku la malamulo a Eklezia la 1917, ngakhale lidavomera kuti kusabereka sikuletsa ukwati, lidati cholinga choyamba cha ukwati ndi kubala ndi kulera ana, ndipo kuthandizana kwa awiriwo lidakuika pambuyo. Taganizani, abale, mau otere adali kulasa bwanji mtima wa mai amene wadikira zaka khumi osaona kanthu!

Kusintha kudadza ndi Msonkhano Wachiwiri wa Vatican. M'chikalata cha Gaudium et spes, cha 1965, Aepiskopi adaphunzitsa kuti ukwati sudakhazikitsidwe chifukwa cha kubala kokha, ndi kuti ngakhale ana asowe, umakhalabe mgwirizano wa moyo wonse, wosachepa ulemu wake. Mu 1981 Papa John Paul II, m'kalata yake Familiaris consortio, adakumbutsa mabanja otere kuti chikondi chawo chingathe kubala zipatso zina: kulera ana amasiye, kuphunzitsa, kuthangata amphawi ndi olumala. Malamulo atsopano a 1983 adaleka kusanja zolinga zija, natchula ubwino wa mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi kubala ana. Chikalata cha Donum vitae, cha 1987, chidapempha mpingo wonse kuti usenze nawo chisoni cha osabereka.

Chiphunzitso tsono chidakhwima, koma kodi chidafika m'miphakati yathu? Mu 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliyense amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Anthuwa tili nawo m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Ena adaleka kudza ku ubatizo wa makanda. Ena sagona tulo, sadya, adzipatula, mwina mpaka kulakalaka imfa. Ameneŵa ndi matenda a maganizo, osati kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo ali ndi chithandizo chake, monga chimene apereka Abale a St John of God ku Mzuzu.

Tikumbuke Hana ku Silo. Pamene ankapemphera ndi mtima woŵaŵa, wansembe Eli adamuyesa woledzera. Adamudalitsa pokhapokha atamumvetsera. Ife ansembe, akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, tiyambe ndi kumvetsera. Tisalonjeze mwana m'malo mwa Mulungu, tisaloze chala mkazi yekha, koma tilimbikitse onse awiri kukaonana ndi dokotala. Pa tsiku la mabanja tiwatchule m'mapemphero, tiwasankhenso kukhala ankhoswe ndi alangizi, pakuti amene asunga lonjezo lawo pakati pa chitonzo chotere ali ndi zambiri zotiphunzitsa za ukwati wachikhristu.