F.E.T. Krause: mkulu wa asilikali, mkaidi, phungu ndi woweruza

Frederick Edward Traugott Krause anabadwira ku Bloemfontein m'chaka cha 1868 ndipo anamwalira mu 1959, chaka chimene Randburg, dera la kumpoto kwa Johannesburg, inakhala tauni yodziyimira payokha. Atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Ulaya, anagwira ntchito yoimira boma pa milandu mu Johannesburg, mzinda umene nthawi imeneyo unali m'dziko la Transvaal, lolamulidwa ndi azungu a mtundu wa Boer.

Dzina lake limakumbukika makamaka chifukwa cha masiku atatu a mwezi wa Meyi 1900. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi a Boer, yomwe inabuka mu 1899, inali itafika pakhomo pa mzindawu, ndipo Krause ndiye anali ataikidwa kukhala mkulu wa asilikali wouyang'anira. Ena mwa a Boer anafuna kuphulitsa migodi ya golide kuti adani asapezepo phindu. Pa 29 Meyi, woweruza wina dzina lake Antonie Kock anabwera ndi gulu la anthu kudzachita zimenezi, koma Krause anamumanga. M'mawa mwake anagwirizana ndi Lord Roberts, mtsogoleri wa asilikali a Britain, kuti pasakhale kumenyana kwa maola 24. Pa 31 Meyi mzindawu unaperekedwa, migodi ili yosawonongeka.

Mgwirizanowu sunapindulitse mbali imodzi yokha. Roberts anapeza migodi, koma asilikali a Boer anapeza mpata wotuluka ndi zida zawo, ndipo nkhondo inapitirira mpaka 1902. Migodi yomweyo ndi imene pambuyo pake inakoka amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia kupita ku Joni.

Zimene zinatsatira n'zosayamikika. Ali ku England, Krause analembera makalata mnzake Cornelius Broeksma, momwe ananena kuti loya wina wa ku Johannesburg, John Douglas Forster, aphedwe. Makalatawo anagwidwa. Broeksma anaphedwa ndi akuluakulu a asilikali a Britain mu 1901 atamuzenga mlandu woukira boma, ndipo mu Januwale 1902 khoti la Old Bailey ku London linalamula kuti Krause akakhale kundende zaka ziwiri chifukwa choyesa kulimbikitsa munthu kupha mnzake. Mlanduwu umatchulidwabe m'mabuku a zamalamulo.

Chodabwitsa n'chakuti ndende sinathetse ntchito yake. Atabwerera kwawo anasankhidwa mu 1907 kukhala phungu wa Vrededorp m'nyumba ya malamulo ya Transvaal, momwe munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Anakhululukidwa mlandu uja, n'kuyambiranso ntchito ya uloya. Mu 1923 anakhala woweruza wa khoti lalikulu ku Transvaal, ndipo kuyambira 1933 mpaka 1938 anali mkulu wa oweruza m'chigawo cha Orange Free State, kumene anabadwira.